Funsani a Pulambala: Dziwe lakale likumwa madzi, tikumbe mapaipi onse?

FUNSO: A Pulambala, ine ndi bambo akunyumba tagula nyumba yakale ku Namiwawa mumzinda wa Blantyre. Ili ndi dziwe losambiramo la mamita 8 mulitali ndi 4 mulifupi, ndipo tikufuna kulikonza popeza nyumbayi ikhala malo ogona alendo. Koma tikalidzaza, madzi akumatsika masentimita atatu tsiku lililonse. Mmisiri wina akuti tingopaka pulasitala watsopano, wina akuti tifukule mapaipi onse apansi. Timvere uti?
Mayi wa ku Namiwawa

YANKHO: Mayi, tiyambe tawerenga madzi amene mukutayawo. Padziwe la kukula kotere, sentimita imodzi ndi malita 320. Masentimita atatu ndiye malita 960, ndowa 48 za malita 20, zonsezo zikukwera pa bilu yanu ya ku Blantyre Water Board. Dzuwa silingamwe madzi ochuluka chonchi ngakhale mu Okutobala. Ilo limangochotsa mamilimita ochepa patsiku. Penapake pabooka ndithu.

Musanalipire munthu, yesani nokha. Matani tepi pakhoma pomwe madzi alekezera, zimitsani pampu tsiku lathunthu, muone atsika bwanji. Mawa lake dzazaninso mpaka patepi paja, pampu igwire ntchito. Akatsika kwambiri pampu ikulira, vuto lili m'mapaipi obwezera madzi m'dziwe. Mukaona thovu la mpweya likuvina pansi pa chivundikiro cha pampu, ndiye kuti paipi yokoka madzi ikuyamwa mpweya. Akatsika mofanana masiku onse awiri, kayikirani khoma, pansi, kapena polowera mapaipi. Kenako muitane pulambala wokhala ndi geji yoyezera presha. Atseke paipi iliyonse payokha, aipope presha inu mukuona. Muvi ukamatsika, paipiyo yatha. Wokana kuyesa, amene akungoti "ine ndimadziwa, Mayi," mpatseni ya minibasi azipita.

Maganizo anga ndi awa: mukapeza kuti ndi mapaipi achitsulo odyedwa ndi dzimbiri, kapena akuda aja omangidwa ndi makilampu, sinthani onse nthawi imodzi. Anakwiriridwa tsiku limodzi, akalamba limodzi. Mukamata pamodzi, chaka chamawa paphulika pena, nkudzaswanso simenti yatsopano ya m'mbali mwa dziwe. Choncho mapaipi ayambe, pulasitala atsatire, simenti ya m'mbali ikhale yomalizira.

Gulani mapaipi a PVC opirira presha, a mamilimita 50, olembedwa class 9 kapena 12 pathupi pake. Mukawerenge nokha ku hadiweya, chifukwa amisiri ena amagula mapaipi opyapyala a madzi otayika m'sinki, ndalama yotsalayo nkuika m'thumba. Pansi pa ngalande muthire mchenga wa kumtsinje, paipi igone pamchengapo, pamwamba pake mchenganso. Kamwala kakuthwa kamodzi kamaboola paipi pang'onopang'ono. Polumikiza apukute bwino, apake guluu wa PVC mbali zonse ziwiri, adikire tsiku lathunthu, ayesenso ndi geji ngalande zisanakwiriridwe. Jambulani pafoni njira yonse ya mapaipiwo.

Paipi yochokera pakati penipeni pa dziwe imadutsa kunsi kwa konkire. Ikakhala yobooka, nthawi zambiri ndimalangiza kuitseka nkuisiya, madzi azikokedwa ndi kabokosi ka m'mbali kaja kotchedwa weir. Kuswa pansi pa dziwe nkodula kuposa phindu lake.

Chimene ndikukuletsani zedi ndi kuphwetsa dziwe nthawi ya dzinja. Nthaka ikakhuta mvula, madzi apansi amakankha dziwe lopanda madzi nkulitukula ngati bwato, makoma nkung'aluka. Ntchitoyi muiyambe m'chilimwe, cha mu Ogasiti kapena Seputembala, kuti ithe mvula isanagwe. Ndipo khasu lisanakhudze nthaka, thimitsani magetsi opita kupampu ndi kunyali ya m'madzi, pakuti kawirikawiri waya wake amagona ngalande imodzi ndi mapaipi.