Nkhuku ya amayi anga inathera pa Mlimba

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Kabwata mu Lusaka muno. Apongozi ake akupita ku Dar es Salaam pa sitima ya TAZARA kukaona mdzukulu, ndiye akufunsa ngati awakazingire nkhuku yokwanira ulendo wonse, poti anamva kuti chakudya cha m'sitima "sichidyeka".

Mayi mnzanga, munamva kwa yani? Ndikufunsa dala, chifukwa mawu amenewo ine anandidwalitsapo. Amene anandiuza ndi amayi anga ondibereka, munthu woti sitima ankangoiona ikudutsa pa Kamwala akabwera kudzationa kuchokera ku Katete.

Unali ulendo wanga woyamba wokaoda zitenje ndi nsapato ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam. Amayi atamva, anakwera basi ndi tambala wamoyo m'manja. Usiku woti mawa ndinyamuka anamupha, kumuphika, kumukazinganso mpaka kuuma, n'kumuika m'poto wa buluu uja tinkasungiramo shuga, chivundikiro n'kumangirira ndi chitenje. Pambali mazira owiritsa asanu ndi atatu, mbatata, ndi botolo la thobwa. "Za m'njira usadye, sudziwa amene waphika." Ndinavomera. Mwana wamkazi angakane bwanji kamba wa mayi ake?

Chimene amayi sanawerengere ndi kutalika kwa njira. Sitima imeneyi siyambira mu Lusaka. Umayamba wakwera basi pa Intercity, kudutsa Kabwe, makilomita pafupifupi 200 kukafika ku Kapiri Mposhi. Kuchoka pamenepo njanji yake ndi makilomita 1,860, kugona m'njira usiku uwiri. Tambala wophikidwa Lolemba usiku ndinali ndikumudyabe Lachitatu.

Tsiku loyamba ndinali mfumukazi. Anzanga a m'chipinda, tinalimo akazi asanu ndi mmodzi, akamapita ku bogi yodyeramo ine ndinkatsala, kumasula chitenje changa, kumaseka chamumtima kuti taonani anthu otaya ndalama. Mnyamata wovala malaya oyera anabwera ndi kabuku kudzafunsa amene akufuna nsima, ine osamuyang'ana n'komwe. Tinadutsa Serenje ndi Mpika usiku, kunacha tili chaku Kasama, ine ndi poto wanga.

Titadutsa Mbeya, nditavundukula, kafungo kanandilonjera. Ndinanunkhiza kawiri. Ndinadziuza kuti ndi fungo la chitenje. Ndinadya ntchafu yonse, chifukwa kutaya nkhuku ya amayi ndinkaona ngati kutaya amayi amene. Usiku umenewo sitima inali m'mapiri a pakati pa Makambako ndi Mlimba, kumene imalowa m'mapanga ndi kuwoloka milatho motsatizana, malo amene anthu amati ndi okongola kuposa njira yonse. Ine ndinawadziwira m'chimbudzi, nditagwira chitseko ndi manja awiri.

Amayi ena a ku Kitwe, amene njirayi anali ataiyenda mpaka kuiloweza, anangotsegula poto uja, kununkhiza, n'kunena kuti, "Mwanawe, ukufuna tikakuike ku Tanzania?" Pa Mlimba nyama yonse inapita kwa agalu. Kutacha anandikokera ku bogi yodyeramo, nandigulira tiyi ndi buledi, kenako mpunga woyera wotentha. Ndikuti anandigulira chifukwa m'chikwama mwanga munali makwacha okhaokha. Osintha ndalama atakwera pa Nakonde ndi pa Tunduma ine ndinawakana, poti ndinali ndi tambala.

Ndiye mukandiuza kuti chakudya cha m'sitima sichidyeka, chimandibaya. Ndakwera sitimayo kambirimbiri kuchokera nthawi imeneyo, ndipo chimene ndimadya ndi chomwe timadya kunyumba: nsima kapena mpunga, ndiwo yake nkhuku, nyama ya ng'ombe kapena nsomba, ndi timasamba pambali. M'mawa mazira, buledi, soseji ndi tiyi. Zimabwerezabwereza, inde. Palibe amene adzakupatseni mndandanda wa zakudya wa mapeji atatu. Koma kodi kwanu ku Kabwata mumasintha ndiwo kangati pa masiku awiri?

Ndinasuzumirapo kukhitchini kwawo tsiku lina. Kachipinda koti anthu awiri sangadutsane bwino, kotentha, ndipo bambo wina atatangadza miyendo akuvundula nsima, mthiko m'manja, sitima ikumugwedezera uku ndi uku. Ine pa mbaula yanga yosasuntha nthawi zina nsima imachita mibulu. Yake inalibe. Kuyambira pamenepo sindilola munthu kunyoza ophika a m'sitima ndili pomwepo.

Ndipo ndinene mosabisa, ambiri onyozawo sanakwerepo. Ndi anthu omwewa amene amajambula kachakudya ka m'ndege, kampunga kokwana m'chikhatho kokutidwa ndi pepala lonyezimira, n'kuika pa Facebook. Chakudya chophikidwa dzulo, chotenthetsedwa lero, chimenecho ndiye chapamwamba. Nsima yochoka pamoto pompano, yotentha mpaka kuwomba zala, imeneyo ndiye yachabe chifukwa yaphikidwa pa njanji. Vuto lathu mu Lusaka muno ndi manyazi, tikangolawa za ku Manda Hill basi nsima yasanduka ya anthu osauka. Nanga za pa basi za ku Nakonde bwanji sitizinena? Mphindi khumi, dalaivala akuliza hutala, iwe ukuthamanga ndi tchipisi tozizira m'pulasitiki, kusamba m'manja osasamba. M'sitima umakhala pa tebulo, amakubweretsera madzi osamba, umadya ukuona midzi ikudutsa pawindo.

Bambo anga ankakonda kunena kuti njanji imeneyo ndi ya a Kaunda ndi a Nyerere. Anaimanga ndi thandizo la China kuyambira 1970 mpaka 1975, kuti kopa wathu apeze njira ya kunyanja yosadzera ku Rhodesia ya Ian Smith. Dzina loti Mukuba limene sitima ina imatchedwa ndi kopa yemweyo m'Chibemba. Anthu anaboola mapiri kuti tidutse, ife n'kumadandaula kuti supu wachepa.

Za pawindo

Apa ndiye pamene apongozi anu akasangalale. Sitima ikaima, amayi amafika ndi mabeseni pamutu: nthochi, mtedza, chinangwa chootcha, chimanga. Kumpoto kwa Zambia mupeza chikanda, chija kwathu timati chinaka, chodulidwa ndi mpeni pomwepo n'kuwaza tsabola. Mukalowa Tanzania nsima yasanduka ugali, mpunga ndi wali, ndipo pali tchipisi tokazingira pamodzi ndi mazira tomwe amati chipsi mayai. Ku Ifakara ndi kwa mpunga, amalonda amagula wonyamula. Chosenda wekha monga nthochi ine ndimagula osaganiza kawiri. Nyama ya pawindo ndimaisiya, ndinaphunzira.

Amayi anga sindinawauze mpaka lero. Nditabwerako anafunsa ngati tambala anakwana, ndinati anakwana ndithu. Poto wa buluu anabwerera ku shuga.

Tsono yankho lanu, mayi. Nkhuku akazingireni, musawamane, koma ya tsiku loyamba lokha, ithe asanagone. Apatseni madzi a m'botolo ambiri, mtedza, masikono ndi mankhwala awo ngati amamwa, poti ulendo wautali umatha kupitirira nthawi yake. Ndalama ya chakudya ikhale pawiri, makwacha mbali ino ndi mashilingi akadutsa Tunduma. Ngati miyendo imawavuta, tikiti ikhale ya chipinda chogona, chakudya adzawabweretsera pomwepo. Mnyamata wa kabuku akafika aitanitse msanga nkhuku isanathe.

Ndipo poto musawapatse. Aikireni m'kakontena kakang'ono, koti akamaliza sakhala ndi chosunga.