Tifunseni: Jerry Seinfeld ndi ntchito yoseketsa anthu pa siteji

Makalata a mwezi uno akhudza nthabwala za munthu mmodzi, woima yekha ndi maikolofoni, popanda mnzake womuponyera mawu monga ankachitira malemu Izeki ndi Jakobo. Akuyankha ndi alembi athu a zisudzo ndi zamsangulutso kuno ku Blantyre.

Funso: Ndakhala ndikuonera Jerry Seinfeld pa YouTube. Satukwana, savina, sadzipaka zinthu kumaso, koma anthu amachita kugwira nthiti. Kodi ameneyu ndi ndani, ndipo adayamba bwanji? Mnyamata wa ku Ndirande.

Yankho: Achimwene, Seinfeld adabadwa pa 29 Epulo 1954 ku Brooklyn mumzinda wa New York, m'banja la Chiyuda, ndipo adakulira ku Massapequa. Bambo ake ankalemba zikwangwani za masitolo. Makolo a mayi ake adali Ayuda ochokera ku Aleppo m'dziko la Syria. Atamaliza maphunziro ku Queens College mu 1976, adakayesa mwayi pa kalabu ya Catch a Rising Star, pa usiku umene aliyense amaloledwa kukwera pa siteji. Mantha adamugwira mpaka nthabwala zonse zidamuthawa m'mutu, nangotchula mitu yake yokha. Zaka zotsatira masana ankagulitsa mababu a magetsi pa telefoni, usiku n'kumazungulira m'makalabu, nthawi zambiri osalandira kanthu.

Mu 1980 adapatsidwa kagawo m'sewero la pa kanema la Benson, koma adamuchotsa atangooneka katatu. Sadamuuze n'komwe. Adazindikira atafika pokonzekera sewero n'kupeza kuti m'mapepala mulibe mawu ake. Mwayi weniweni udabwera mu Meyi 1981 pa pulogalamu ya Johnny Carson ya The Tonight Show. Adapatsidwa mphindi zisanu, ndipo Seinfeld adanenapo kuti adazibwereza ka 200 tsikulo lisanafike.

Sewero lotchedwa dzina lake, limene adalipanga ndi Larry David, lidayamba pa kanema wa NBC mu Julayi 1989. Akuluakulu a kanemayo sadalikhulupirire, moti pambuyo pa gawo loyesera adangoitanitsa magawo 4. Lidatha pa 14 Meyi 1998 litafika magawo 180, ndipo gawo lomaliza adaonera anthu pafupifupi 76 miliyoni. Pa luso la zisudzo lenilenilo, anzake atatu a m'sewerolo, Julia Louis-Dreyfus, Jason Alexander ndi Michael Richards, ankamuposa. Iye adachenjera posadzipatsa udindo womukulira: ankasewera ngati iye mwini, wanthabwala wa ku New York, n'kusiyira anzakewo zolemera.

Chimene ife timamulemekezera kwambiri ndi chimene adachita sewero litatha. Mu 1998 adanena nthabwala zake zakale komaliza pa Broadway, dera la nyumba zazikulu za zisudzo ku New York, n'kuzisiya zonse. Munthu wolemera kale chotero adabwerera m'timakalabu tating'ono kukayambira pansi, ndipo filimu ya Comedian ya mu 2002 imamuonetsa ataima pa siteji, waiwala chonena, anthu akungomuyang'ana.

Funso: Kuntchito ndine ndimaseketsa anthu onse. Paphwando la kutha kwa chaka adandipatsa mphindi zisanu, holo idangoti zii. Ndidalakwitsa pati? Kalaliki wa ku Chilomoni.

Yankho: Pepani achimwene, koma tikuganiza kuti simudalembe kanthu. Pocheza, anzanu amakudziwani, amamudziwa amene mukumunenayo, ndipo amakuponyerani mawu. Pa siteji zonsezi palibe. Seinfeld amalemba ndi cholembera pa mapepala achikasu, ndipo nthabwala yake ina ya chakudya cha m'mawa cha Pop-Tarts idamutengera zaka 2 kuti ikhwime.

Yambani ndi chinthu chaching'ono chimene aliyense m'holomo adachionapo koma sadachinenepo. Seinfeld amatola za m'sitolo, za m'ndege, za kochapira zovala. Inu muli ndi minibasi, mzere wa ku banki pakutha pa mwezi, perekaniperekani wa paukwati, alendo ofika nsima ikuphulidwa. Lembani tsamba lathunthu pa mutu umodzi, kenako dulani.

Nthabwala ili ndi mbali ziwiri. Yoyamba imatengera maganizo a omvera mbali ina, yachiwiri imawatembenuza mwadzidzidzi. Taonani iyi: "Kondakitala ku Limbe amakuwa kuti watsala mmodzi, watsala mmodzi. Ndidakwera ine. Adatsalabe mmodzi." Yathera pomwepo. Wongoyamba kumene amainena chonchi: "Mukudziwa anzathu a minibasi amakonda kunama kuti watsala munthu mmodzi pamene atsala ambiri, ndiye tsiku lina ndikuchokera kwa alamu anga..." Apa waulula kale mathero ake ndi mawu oti kunama, ndipo alamuwo sakugwirapo ntchito iliyonse. Mawu odzidzimutsa azikhala kumapeto kwenikweni kwa chiganizo. Mukawonjezera ena pambuyo pake, anthu amameza kuseka kuti amve zimene mukunenazo.

Anthu akayamba kuseka, khalani chete. Yambiraninso pamene kuseka kwayamba kutsika koma kusanatheretu. Mukamawadula pakati, pofika mphindi yachitatu amakhala ataphunzira kuti kuseka kukuwaphonyetsa mawu, ndiye amangomwetulira. Pamene mzere waseketsa, ikanipo kamzere kena kakafupi pamwamba pake osayambanso nkhani ina. Pa ya minibasi ija mungati: "Adakwera amayi ndi ana atatu. Watsala mmodzi."

Pa mphindi zisanu mukufunika mitu itatu kapena inayi, mawu apakati pa 600 ndi 700 mukachotsera nthawi yoseka. Akatswiri amayembekezera kuseka kanayi kapena kupitirira pa mphindi iliyonse. Nthabwala yanu yamphamvu kuposa zonse ikhale yomaliza, yotsatira kwa iyo ikhale yoyamba, ndipo kuseka koyamba kubwere masekondi 20 asanathe. Malonje ataliatali otchula akuluakulu onse mmodzimmodzi asiyireni wotsogolera mwambo.

Za zipangizo musazipeputse. Chotsani maikolofoni pa chitsulo chake, chitsulocho muchiike kumbuyo kwanu. Igwireni pa chibwano, zala ziwiri kuchokera pakamwa, ndipo mutu ukatembenuka dzanja litsatire, apo ayi mawu omaliza aja amatayika. Musaphimbe mutu wake ndi chikhatho ndipo musaime kutsogolo kwa sipika, chifukwa ndi zimene zimayambitsa kulira kobaya m'makutu. Pemphani kuti mipando iyandikire siteji. Anthu 40 othithikana m'kachipinda amaseka kuposa anthu 40 omwazikana m'holo yaikulu ngati Comesa, poti kuseka n'kopatsirana. Kanani kuyankhula nthawi imene mbale zikugawidwa.

Jambulani mawu pa foni nthawi zonse. Mawa lake mverani muli ndi pepala lanu, n'kuchonga pamene anthu adaseka. Mzere umene walephera pamaso pa magulu atatu osiyana, usintheni kapena muutaye. Sinthani chinthu chimodzi pa ulendo umodzi, mawu okha kapena kapumidwe kokha, kuti mudziwe chimene chakonza.

Funso: Ndaona kuti anthabwala ambiri otchuka a ku America ndi Ayuda. Zidayenda bwanji? Mphunzitsi wa ku Zingwangwa.

Yankho: Mayi, mwaona bwino. Mu 1978 magazini ya Time idalemba kuti pafupifupi 80 mwa anthabwala 100 alionse odya za lusoli ku America adali Ayuda, pamene Ayuda adali pafupifupi 3 mwa anthu 100 m'dzikomo. Pakati pa 1880 ndi 1924, Ayuda oposa 2 miliyoni adasamukira ku America kuchokera kum'mawa kwa Ulaya, pothawa umphawi ndi kuphedwa. Kwawoko adali kale ndi mwambo wa munthu woseketsa alendo paukwati ndi ndakatulo zopeka pomwepo, ntchito yosasiyana kwenikweni ndi ya otsogolera maukwati athu.

Mahotela ambiri a ku America nthawi imeneyo sankalandira Ayuda. Choncho adatsegula awo m'mapiri a Catskill, kumpoto kwa mzinda wa New York, dera limene lidatchedwa Borscht Belt. Mahotela mazanamazana ankafuna woseketsa alendo usiku uliwonse m'nyengo yotentha, ndipo alendowo adali ovuta kuwasangalatsa. Mel Brooks, Jackie Mason, Joan Rivers ndi Rodney Dangerfield adadutsa kumeneko. Mason adali rabi, mphunzitsi wa chipembedzo cha Chiyuda, asanasiye n'kuyamba nthabwala. Pamene Seinfeld ankayamba, mahotelawo n'kuti akutha, ndipo ntchito yosula anthabwala idali itasamukira m'makalabu a mumzinda monga The Improv, imene idatsegulidwa mu 1963. Kuno chimene tikusowa ndi malo otere, oti wongoyamba azikwera pa siteji sabata iliyonse pamaso pa anthu ochepa. Daliso Chaponda, amene adakhala wachitatu pa mpikisano wa pa kanema wa Britain's Got Talent mu 2017, adakhwimira m'makalabu a ku Canada ndi ku Britain.

Pali china choti achinyamata athu atolepo. Ambiri mwa anthabwalawa ankaseka za m'nyumba mwawo: amayi awo, maukwati awo, umphawi wawo. Munthu wonena za kwawo amadziwa tinthu ting'onoting'ono timene wakunja sangatidziwe, n'chifukwa chake zimakoma. Woseka mtundu wa ena, kapena munthu wolumala, amangobwereza zonyoza zimene aliyense adazimva kale, ndipo m'holo ya mu Blantyre, mmene mumakhala Alomwe, Ayao, Asena, Angoni ndi Atumbuka pa benchi imodzi, amataya gawo la omvera ake pa mzere umodzi.

Funso: Ndili ndi zaka 43, ndili pabanja ndipo ndimagulitsa zipangizo zomangira. Kodi ndachedwa? Bambo wa ku Bangwe.

Yankho: Simunachedwe, bambo. Rodney Dangerfield, amene dzina lake lobadwa nalo lidali Jacob Cohen, adabadwa mu 1921. Adayesa nthabwala ali mnyamata, zidakanika, ndipo adakhala zaka zoposa 10 akugulitsa malata a aluminiyamu okutira makoma a nyumba. Nthawi yonseyo sadaleke kulemba. Adabwerera pa siteji ali ndi zaka za m'ma 40, nadziwika mu 1967 pa pulogalamu ya Ed Sullivan, ndipo mu 1969 adatsegula kalabu yakeyake ku New York. Filimu imene idamutchukitsa, Caddyshack, idatuluka mu 1980 ali ndi zaka 58. Ulendo woyamba omvera sankadziwa kuti akumvera munthu wamtundu wanji. Wachiwiri adasankha khalidwe limodzi, la bambo amene aliyense amamupeputsa, ndipo nthabwala iliyonse idatuluka mmenemo.

Sitolo yanu musatseke. Lembani mphindi 30 m'mawa uliwonse makasitomala asanayambe kubwera, muyambire pa amisiri odzatenga simenti pa ngongole. Mukakhala ndi mphindi zisanu zolembedwa, pemphani wotsogolera mwambo amene mumadziwana naye kuti akupatseni mpata paphwando laling'ono, anthu atamaliza kudya.