Za ulendo wa makalavani kwa a Cherokee: pitani, koma musathamange

Achemwali, mwafunsa ngati mulowe nawo gulu la anansi anu amene akukoka makalavani kupita ku malo a mbiri ya a Cherokee, umodzi mwa mitundu ya eni nthaka a ku America, komanso ngati masiku khumi akwana kufika mpaka ku Oklahoma. Ine ndi bambo akunyumba tinayendapo ulendo woterewu, makalavani 14 atandondozana ngati nyerere. Pitani ndithu. Koma za Oklahomazo ziiwaleni kaye. Kuchoka ku Cherokee, North Carolina, kukafika ku Tahlequah, likulu la a Cherokee ku Oklahoma, ndi makilomita opitirira 1,000, ndiye mudzangothera pamsewu ndi pothira mafuta. Kum'mawa kokhako kuli zambiri zoti masiku khumi n'kuchepa.

Ubwino wa gulu ngwakuti simuvutika ndi kusaka pogona. Pamakhala wotsogolera, eni ake amati wagon master, ndi wina kumchira, tail gunner, amene amaima nanu tayala likaphulika. Kuipa kwake ndi nthawi. Amalembera malo alionse ola limodzi, hutala n'kulira musanawerenge n'komwe chikwangwani chachiwiri. Ife tsiku lachitatu tinaphunzira kumasula kalavani pakampu, n'kumayenda ndi pikapu yokha, gulu n'kukumana nalo madzulo pamoto. Palibe anakwiya.

Pamsewu samalani. Msewu wa US 441 umakwera kufika pa Newfound Gap, mamita opitirira 1,500, kenako n'kutsetsereka mokhotakhota. Bambo akunyumba anaponda buleki njira yonse m'malo motsitsa giya, ndipo pofika kumunsi fungo linali ngati kwapsa mphira, ine mtima uli m'mwamba. Mu msewu wa Blue Ridge Parkway chakufupi ndi Cherokee muli ngalande zoboola phiri zina zotsika denga, ndiye dziwiranitu kutalika kwa kalavani yanu. Mukagona pa kampu ya Smokemont, palibe magetsi olumikiza, ndipo kuyambira 2023 kuimika galimoto mu paki ya Great Smoky Mountains kumafuna chiphaso cholipira.

Tsono nkhani yeniyeni. Yambirani ku Museum of the Cherokee People, m'tauni ya Cherokee, musanaone china chilichonse, chifukwa akufotokozerani ndi eni ake. Dera limenelo, Qualla Boundary, ndi la Eastern Band of Cherokee Indians, zidzukulu za amene anatsala pamene anzawo ankasamutsidwa mokakamiza kupita kumene lero ndi ku Oklahoma. Ali ndi boma lawo, sukulu zawo, zikwangwani za misewu zolembedwa m'zilembo zawo. Mayi wina wa m'gulu lathu anafunsa mtsikana wa pakauntala kuti "Amwenye enieniwo ali kuti?" Mtsikanayo anangomwetulira n'kudziloza. Ine manyazi anandigwira.

Pafupi ndi Bryson City pali Kituwah, mudzi umene amati ndiwo manthu wa midzi yawo yonse. Mukangoona ndi kachulu kotsika pakati pa dambo, kanaphwa chifukwa cholimidwa zaka zambiri asanakagulenso mu 1996. Musakwerepo. Lowanipo monga mmene timalowera kumanda kwathu, osati monga kumsika.

Malo amene anandigwira mtima ndi New Echota, pafupi ndi Calhoun ku Georgia, likulu lawo kuyambira 1825. Anamanganso kanyumba kosindikizira nyuzi ya Cherokee Phoenix, imene inayamba mu 1828 m'Chingerezi ndi m'zilembo zimene munthu wa mtundu wawo, Sequoyah, anamaliza kupanga mu 1821, chilembo chilichonse n'kumaimira phatikizo lathunthu. Ndinaima nthawi yaitali ndikuyang'ana timabokosi ta zilembo zachitsulo. Anthu anali ndi malamulo olembedwa, khoti lawo, ndipo mu 1832 khoti lalikulu la America linagamula kuti malamulo a Georgia alibe mphamvu pa dziko lawo. Komabe pamudzi womwewo, mu December 1835, kagulu kochepa kanasaina pangano lopereka dziko lonse, popanda chilolezo cha mfumu yawo John Ross. Nyumba ya malamulo ya America, Senate, inalivomereza ndi voti imodzi yokha yopambanira.

Kuchoka apo pitani ku Red Clay, Tennessee, kumene ankachitira misonkhano Georgia itawaletsa kusonkhana. Pali kasupe wa madzi obiriwira ngati mtambo, ozizira bwino, pansi pake n'kumaoneka mbee. Kenako Blythe Ferry, pamene anthu pafupifupi 9,000 anadikirira kuwoloka mtsinje wa Tennessee mu 1838. Mwa anthu pafupifupi 16,000 amene anasamutsidwa, akuti 4,000 anafa m'misasa ndi panjira. Pali makoma olembedwa mayina a eni mabanja a m'kalembera wa 1835. Gulu lathu, laphokoso masiku onse, tsiku limenelo linadya zamasana lili chete.

Zogula, musatengeke ndi nthenga ndi timatenti ta m'mashopu a m'mbali mwa msewu, zambiri si za chikhalidwe chawo. Pitani ku Qualla Arts and Crafts, bungwe la amisiri awo loyambira mu 1946. Madengu awo a bango ndi okwera mtengo, koma amene munaonapo agogo akuluka lichero mudzamvetsa mukaona kuti ena ngolukidwa kawiri, mkati ndi kunja. Musanajambule munthu pemphani. Moni wawo kumeneko ndi "siyo", zikomo ndi "sgi". Ndipo mukapeza bean bread, ufa wa chimanga wosakaniza ndi nyemba, wokulunga m'masamba a chimanga n'kuwiritsa, mugule ziwiri, chifukwa ine changa anandilanda bambo akunyumba tisanafike n'komwe pagalimoto.