Mamembala a bodi akamapanda kuyankha maimelo

Mayi, mwati mukutsogolera bungwe losamalira ana amasiye ku Ndirande, ndipo mwa mamembala 7 a bodi amene amayankha maimelo anu ndi awiri okha, misonkhano n'kumalephereka poti anthu sakwana. Musafulumire kuwaweruza kuti alibe nazo ntchito. Kawirikawiri vuto limayambira pa kalatayo.

Anthuwa amawerenga pa foni, ali pamzere ku banki ku Limbe kapena m'minibasi, bando ili pafupi kutha. Akaona ndime zisanu ndi PDF ya masamba 30 amati aona madzulo, madzulowo magetsi n'kuzima. Ndiye imelo imodzi izinyamula nkhani imodzi. Pamutu lembani chimene mukufuna ndi tsiku lake, monga "Bajeti ya Julaye mpaka Seputembala: yankho pofika Lachinayi". Mzere woyamba ufunse funsolo molunjika, loti munthu angoyankha inde kapena ayi. Zifukwa zibwere pansi, mizere itatu kapena inayi. Lipoti lalitali mulitumize ngati fayilo yapadera pa imeloyo, koma patsogolo pake pakhale tsamba limodzi la mfundo zikuluzikulu, ndipo fayiloyo isapyole 1 MB. Onse muwalembe poonekera, osati pa BCC pamene mayina a olandira amabisika. Munthu akaona kuti anzake anayi ayankha, amachita manyazi kukhala chete.

Mukatumiza, ikani uthenga waufupi pa gulu la WhatsApp wongowadziwitsa kuti imelo yafika. Koma chigamulo chisachitikire pa WhatsApp. Oona za ndalama akabwera amafuna maminitsi, ndipo kachizindikiro ka chala chokweza ka pa WhatsApp si umboni. Ngati malamulo a bungwe lanu amalola kugamula mwa kalata, mayankho abwere pa imelo, kenako muwalembe m'maminitsi a msonkhano wotsatira.

Chimodzi ndikupemphani ndithu: musalembe kuti "mukapanda kuyankha ndiye kuti mwavomera". Mawu amenewa amaphunzitsa bodi kugona, ndipo tsiku limene ndalama zidzavute mudzatsala nokha.

Kukumbutsa ochedwa si ntchito yanu. Inu muli pansi pa bodi, choncho pakatha masiku atatu aimbe foni ndi wapampando. Muzikhala nawo pansi mphindi 20 musanatumize ajenda, kuti nkhaniyo ikhale yawonso.

Masiku a misonkhano inayi ya chaka mugwirizane mu Januwale. Zikalata zizifika kutatsala masiku 7, maminitsi azituluka sabata isanathe, okhala ndi dzina la wochita, ntchito yake ndi tsiku lomaliza. M'kalata yoitanira nenani poyera ngati mubweza thiransipoti ndi ndalama zake. Wochokera ku Bangwe kapena ku Chilomoni sangafunse zimenezi, amangopepesa kuti watanganidwa.

Aliyense apatsidwe chake chogwira. Msungichuma azifananiza sitetimenti ya ku banki ndi mabuku mwezi uliwonse, ndi kuona kuti PAYE, msonkho wodula pa malipiro a antchito, yapita ku MRA pofika pa 14. Wina atsatire lipoti la pachaka ndi maakaunti owunikidwa opita ku NGORA, nthambi ya boma yoyang'anira mabungwe omwe si aboma, komanso umembala wa ku CONGOMA, mgwirizano wa mabungwewa. Akumbutseni kuti maakauntiwo amasainira ndi bodi.

Amene wajomba misonkhano itatu motsatizana osapepesa, onani zimene malamulo anu akunena, ndipo wapampando akalankhule naye pamaso, mwaulemu, ngati akufunabe mpandowo kapena aupereke kwa wina.