Boti la fayiba lokhala ndi fomu pakati

Achimwene, mwafunsa ngati boti la fayiba lokhala ndi fomu (pulasitiki yopepuka yooneka ngati siponji, koma yolimba) pakati lingapirire mwera wa panyanja yathu ino. Lingapirire ndithu, bola alipange bwino.

Taonani katoni: mapepala awiri opyapyala, pakati pali lina lopindikapindika, koma kulimba kwake mukukudziwa. Botili n'chimodzimodzi. Khoma lake lili ndi zikopa ziwiri za fayiba, chakunja ndi chamkati, ndipo ndi zimene zimalimbana ndi kukokeka komanso kupanikizika mafunde akamamenya, pomwe fomuyo imazitalikitsa n'kuzigwira kuti zisatererekane. Zikatalikirana, khoma silipindika msanga, kulemera osawonjezeka kwenikweni. Nzeruyi ndi yakale. Ndege ya ku Britain yotchedwa Mosquito, imene inauluka koyamba mu 1940, thupi lake linali la pulayiwudi wokhala ndi mtengo wopepuka wa balsa pakati.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi kumatuka kwa chikopa, vuto lomwe akatswiri akulifufuzabe mpaka lero. Boti likagunda mwala ku Chembe, kunja kumaoneka bwinobwino koma mkati chikopa ndi fomu zitalekana, madzi n'kuyamba kulowerera. Muzigogoda khomalo ndi kobiri, pomatuka pamalira mogontha.

Ndipo musalole kuti akuikireni fomu yoyera yotetezera mawailesi m'makatoni ija, chifukwa rezini ya polyester, yomwe ndi guluu womatira fayiba, imaisungunula. Aike fomu yamtundu wotchedwa PVC.