Mayi a ku Matawale afunsa: koleji yathu ipeze kuti mwayi watsopano?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa ku Matawale amene amaphunzitsa pa koleji ina yoima payokha. Analemba kuti: "Akuluakulu atiuza kuti tibweretse makosi atsopano chifukwa ophunzira akuchepa. M'komiti aliyense akungoti titsegule za bizinesi ndi za makompyuta ngati anzathu. Kodi mwayi weniweni timaupeza bwanji?"

Zikomo mayi pondilembera. Kuchepa kwa ophunzirako si kwa inu nokha. Kale yunivesite inali imodzi basi. University of Malawi inayamba kuphunzitsa mu 1965, Chancellor College n'kusamukira kuno ku Zomba, ku Chirunga, mu 1973, ndipo kwa zaka zambiri mwana akakhoza bwino analibe kwina koloza. Kenako Mzuzu University inatsegula zitseko mu 1999, Bunda inapatuka n'kukhala LUANAR, MUST inayamba ku Thyolo mu 2014. Pofika 2021 Poly inasanduka MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing n'kuphatikizana kukhala KUHeS. Tikawonjezapo za mipingo ndi za anthu wamba, kholo lero limasankha, ndipo limafunsa mafunso lisanatulutse fizi.

Maganizo a komiti yanuwo akundikumbutsa mzere wa tomato pamsika wa Zomba. Amayi khumi akayala tomato wofanana, chotsala ndi kutsitsa mtengo ndi kuwonjezera basela. Koleji ikalowa m'mpikisano wotere imatsitsa fizi, kenako imalephera kulipira aphunzitsi, aphunzitsi abwino n'kuthawa.

Ine ndikanakhala inu ndikanayamba ndi kuyenda wapansi m'tauni yathu yomweyi. Likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe mu 1975, koma maofesi ambiri a ukatswiri anatsala. National Statistical Office ili kuno. National Archives ili kuno. Dipatimenti ya Geological Survey, malo ofufuza za nkhalango a FRIM, National Herbarium yosunga zitsanzo za zomera, chipatala cha matenda a maganizo, ndi malo ofufuza za ulimi a Makoka kufupi ndi Thondwe, zonsezi ndi anansi anu. Kodi ndi liti pamene munthu wa pakoleji panu anakakhala pansi ndi mkulu wa ofesi imodzi mwa izi? Osapita ndi kabuku kotsatsa makosi ayi. Pitani ndi mafunso awiri: ndi ntchito iti imene mumasowa woidziwa, ndipo anthu amene mumalemba kumene mumawaphunzitsanso chiyani asanayambe kugwira bwino? Zimene angakuyankheni ndiye chiyambi cha silabasi yanu.

Tengani nkhani ya migodi. Ku Songwe Hill ku Phalombe ndi ku Kangankunde ku Balaka kuli miyala ya mtengo wapatali ija amati rare earths, ndipo malo onse awiriwa sali kutali ndi Zomba. Mgodi sufuna mainjiniya okhaokha. Umafuna woyeza malo, wosamala zitsanzo za miyala mu labu, woyang'anira chitetezo cha ogwira ntchito, ngakhalenso wodziwa kukambirana ndi mafumu za chipukuta misozi anthu akamasamutsidwa. Zambiri mwa izi ndi za satifiketi kapena dipuloma. Chimodzimodzi za madzi ndi nyengo: nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1995 ndipo mbali yake yaikulu inaphwanso mu 2018, namondwe wa Freddy anatisiya m'matope mu Malichi 2023. Makhonsolo ndi mabungwe amafuna anthu odziwa kuwerenga mapu a malo osefukira ndi kusonkhanitsa ziwerengero m'midzi.

Koma gulu limene ndimaona kuti makoleji amalinyozera kwambiri ndi la anthu apantchito. Aphunzitsi a pulayimale, apolisi, asilikali a ku Cobbe Barracks, oyang'anira ndende, anamwino. Awa ali ndi malipiro, ngakhale ochepa, ndipo akufuna pepala loti akwezedwe. Chimene alibe ndi mpata wolowa m'kalasi Lolemba m'mawa. Pano ndinenepo zanga. Zaka zapitazo ndinalembetsa kosi ya Loweruka pa koleji ina. Makalasi ankachitika ndithu, koma laibulale inkatsekedwa Lachisanu madzulo, ofesi yolipirira fizi nayo osatsegula Loweruka. Kuti ndilipire ndinkachita kupempha tchuthi kuntchito. Teremu yachiwiri sindinabwerere, ndipo palibe anandiimbira foni kufunsa chifukwa chake. Mwina m'mabuku mwawo analemba kuti ndinasowa ndalama.

Za maphunziro a pa intaneti ndingonena pang'ono. Sukulu zitatsekedwa mu 2020 chifukwa cha Covid-19 tinaona tokha kuti bandulo ndi yodula ndipo magetsi amathima nthawi yolakwika. Phunziro loti munthu alimvere pa WhatsApp ali mu minibasi yopita ku Jali limafika patali kuposa vidiyo ya ola lathunthu.

Chenjezo langa ndi limodzi. Musathamangire digiri. Pulogalamu yatsopano imayenera kudutsa ku NCHE, bungwe la boma lovomereza maphunziro a m'makoleji ndi m'mayunivesite, ndipo kulembetsa ana pa kosi yosavomerezeka ndi kuwagulitsa mbuzi ili m'thumba. Yambani ndi kosi yaifupi ya masabata ochepa, muitane katswiri wa ku maofesi ndatchula aja adzaphunzitse nawo. Anthu akalipira, gulu lachiwiri n'kubwera lokha popanda kulengeza pa wailesi, pamenepo mukhoza kuyamba kulemba mapepala a dipuloma.

Komiti yanu isanakumanenso, pemphani manambala a ophunzira makumi awiri amene anamaliza zaka zitatu zapitazo, ndi ena khumi amene anasiyira panjira. Aimbireni nokha, mayi, osatuma mlembi. Afunseni kumene ali ndi chimene akugwira. Mukatero mundilembenso, ndikufuna kumva makamaka zimene anena khumi aja.