Magalimoto ongozungulira aja: yankho kwa achimwene a ku Indiana

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena amene akukhala ku Indiana. Anzawo a kuntchito akuwakoka kuti akaonere mpikisano wa magalimoto wotchedwa NASCAR, ndiye akufunsa kuti: "Chokoma n'chiyani poonera magalimoto akungozungulira maola atatu? Kapena anthuwo amangodikira ngozi?"

Achimwene, funso lanu landiyabwa. Mawu omwewo ndinawalankhulapo ine ndi pakamwa pangapa, ndiponso mwamatama ngati wodziwa zinthu.

Bambo anga anali makaniko ku Ndirande. Galaja yawo unali mtengo wa mango, unyolo wokwezera injini utamangidwa panthambi. Ndinakula ndikuwapatsira masipanala, zikhadabo zili bii ndi oyilo. Iwo matenda a galimoto ankawamva ndi khutu. Minibasi isanakhote n'komwe, ankatha kunena kuti pulagi imodzi sikuyaka, ndipo akatsegula zinkapezeka choncho. Ndiye sindinali mlendo pa za injini. Komabe nditafika kuno ku North Carolina n'kuona akuluakulu a ndevu zawo atatong'olera maso pa TV Lamlungu lonse masana, magalimoto akungokhotera kumanzere, ndinkaseka mpaka misozi. Ine mwana wa Bullets, wozolowera fumbi ndi nyimbo za pa Kamuzu Stadium, ndikaonere zimenezi?

Mdala wina wachizungu amene ndinkagwira naye shifiti ya usiku anatopa nawo mwano wangawo. Sanakangane nane. Anangondigulira tikiti ya Coca-Cola 600 ku Charlotte Motor Speedway, m'tauni ya Concord, kumapeto kwa May. Ndi mpikisano wautali kuposa yonse pa chaka: amazungulira ka 400, mtunda wa makilomita pafupifupi 965. Muziti ulendo wa Blantyre kupita ku Lilongwe katatu, osaima pa Zalewa kapena pa Ntcheu kugula mbatata. Amayamba dzuwa lilipo, amamaliza usiku magetsi atayaka.

Pachipata anandipatsa timapulagi ta m'makutu. Ndinatiponya m'thumba. Mwana wa makaniko aope injini?

Mbendera yobiriwira itagwedezeka, magalimoto pafupifupi 40 anatidutsa nthawi imodzi. Phokoso lija silinalowere m'makutu ayi, linandigunda pachifuwa. Benchi inanjenjemera, madzi a m'botolo langa anayamba kuvina okha, ndipo ndinatsegula pakamwa kuti ndilankhule koma mawu anga sindinawamve. Kenako kunabwera fungo la mafuta ndi mphira wopsa, ndipo patapita nthawi ndinaona tinyenyeswa takuda ta matayala titamatirira pamkono. Maganizo anathawira kwa bambo, amene anatsikira kulichete asanamvepo injini ya V8 ikulira mwa mtundu umenewu, makumi anayi pamodzi. Ndinapisa m'thumba mwakachetechete n'kutulutsa timapulagi tija. Mdala uja anandiona, koma anayang'ana kumbali.

TV imanama, achimwene. Imakuonetsani magalimoto ngati akuyenda pang'onopang'ono pamsewu wosalala, pomwe pamakona msewuwo ndi wopendekeka ngati denga la nyumba. Pabwalo la ku Daytona ndi madigiri 31, pa la ku Talladega 33. Kukwera wapansi pamenepo mpaka kugwira ndi manja.

Koma chimene chinandigwira kwenikweni ndi kawayilesi. Mdala anandiveka mahedifoni olumikizidwa ku kachipangizo kotchedwa scanner, ndipo mwadzidzidzi ndinali m'galimoto. Owonerera amaloledwa kumva zonse zimene dalaivala akukambirana ndi gulu lake. Pamwamba pa bwalo pamaima munthu amene amamutcha spotter, maso a dalaivala, akumuuza kuti mkati muli wina, usatsike, tsopano wadutsa. Dalaivala akudandaula kuti kumbuyo kukuterereka, nthawi zina akutukwana. Mkulu wa amakaniko akuwerengera mafuta, akuganiza: tisinthe matayala anayi titaye malo, kapena awiri okha tituluke msanga koma tikavutike kutsogolo? Ndi bawo imeneyi, bawo yoseweredwa pa liwiro la makilomita 300 pa ola. Ndipo galimoto ikalowa pamalo osinthira matayala, anyamata asanu amadumpha khoma, jeke pansi, matayala anayi, mafuta, m'masekondi pafupifupi khumi yapita. Ine amene ndinkatha theka la ola ndikulimbana ndi nati imodzi ya dzimbiri, ndinaimirira n'kuwomba m'manja ndekha.

Ndiye ndinene mosapsatira. Amene amati NASCAR ndi kungozungulira ali ndi ulesi wa maso, ndipo ine ndinali mfumu yawo. Mpira nawonso ndi anthu 22 othamangitsa chikopa ngati sukuudziwa. Ndimafika pokwiya ndi anzanga okonda Formula 1 amene amanyoza kuti awa ndi masewera a anthu a kumidzi. Kwawoko nthawi zambiri ukaona amene wayamba kutsogolo wadziwa kale mathero. Kuno ma Chevrolet, ma Ford ndi ma Toyota amapangidwa motsatira malamulo amodzi moti amasiyana pang'ono kwambiri, amakhudzana mabampa, amakhulana m'mbali, ndipo wa nambala 20 akhoza kupambana.

Zoti ndi a kumidzi n'zoona, ndipo n'chimene ndimawakondera. Masewerawa anachokera ku kachasu. Inde, kachasu. M'mapiri a kuno anthu ankatcheza mowa mobisa, ndipo anyamata onyamula mowawo usiku ankakonza injini zawo kuti apolisi asawapeze. Kenako anayamba kupikisana okhaokha m'mabwalo a fumbi, mpaka Bill France anakhazikitsa NASCAR mu 1948. Junior Johnson wa ku Wilkes County anagwidwa pamalo otchezera mowa a bambo ake mu 1956 n'kukhala kundende miyezi 11. Mu 1960 anapambana Daytona 500, mpikisano wotchuka kwambiri wa NASCAR, ndi galimoto yochepa mphamvu, atazindikira kuti akamamatira kumbuyo kwa galimoto yothamanga, mphepo simumenya ndipo amakokedwa. Aliyense amene anapalasapo njinga kumbuyo kwa lole amadziwa zimenezi. Pulezidenti Reagan anadzamukhululukira mlandu uja mu 1986. Tangoganizani wotcheza kachasu wa kwanu atasanduka ngwazi ya dziko.

Nanga za ngozi zija?

Sindikunamizani. Magalimoto akawombana anthu amaimirira, inenso ndimaimirira. Ngakhale kutchuka kwa masewerawa kunakula ndi ndewu: mu 1979, pomwe kanema wa CBS anaonetsa Daytona 500 yonse pompopompo, Cale Yarborough ndi Donnie Allison anagundana pozungulira komaliza, n'kutuluka kukamenyana pakapinga, Richard Petty akudutsa kukapambana. Anthu ambiri tsiku limenelo anali atatsekeredwa m'nyumba ndi chipale chofewa, ndiye anaona zonse.

Koma mukakhale pabwalo ngozi yaikulu ikachitika, mudzamve mmene anthu masauzande amakhalira zii. Onse maso amakhala pazenera la dalaivala. Pazenerapo pamakhala ukonde, ndipo dalaivala akautsitsa ndiye kuti ali bwino. Pamenepo m'pamene anthu amakuwa. Mdala wanga uja sankatha kutchula 18 February 2001 osameza malovu. Ndi tsiku limene Dale Earnhardt, mwana wa ku Kannapolis pafupi pomwepa, katswiri wa chaka kasanu ndi kawiri, anafa pozungulira komaliza pa Daytona 500. Chaka chonsecho anthu ankakweza zala zitatu pozungulira kachitatu, pokumbukira nambala 3 ya galimoto yake. Pambuyo pake anakakamiza madalaivala kuvala chogwira khosi ndi mutu chotchedwa HANS, anaika makoma ofewerapo, ndipo kuchokera pamenepo palibe dalaivala amene wafera mumpikisano wa Cup, womwe ndi wapamwamba kwambiri mu NASCAR. Munthu wodikira imfa salira choncho zaka makumi awiri.

Pali china chimene simunafunse koma ndikudziwa chili kumtima: kodi wakuda akakhala bwanji pakati pawo? Mbiri yake si yoyera. Wendell Scott, dalaivala wakuda, anapambana ku Jacksonville mu December 1963, koma analengeza mzungu kuti ndiye wapambana, n'kudzakonza anthu atabalalika. Chikho chochokera ku NASCAR banja lake linachilandira mu 2021, mwiniwake atamwalira kalekale. Chaka chomwecho Bubba Wallace anapambana ku Talladega ndi timu ya 23XI ya Michael Jordan ndi Denny Hamlin, wakuda wachiwiri pa zaka 58. Mbendera ya Confederate, ya zigawo zimene zinamenyera nkhondo kuti ukapolo upitirire, anailetsa m'mabwalo mu 2020. Ine ndinakumanapo ndi bambo wina woledzera amene anandifunsa ngati ndasochera. Koma tsiku lomwelo banja lina losandidziwa linandiitanira nyama yowotcha kumbuyo kwa pikapu yawo, ndipo agogo a pamenepo anandiphunzitsa kwa ola lathunthu chifukwa chimene amadana ndi dalaivala wina. Zonse ziwiri ziliko.

Ndiye pitani. Tengani zotseka m'makutu ndipo muzivale, bwerekani scanner, khalani pamwamba osati pafupi ndi mpanda. Kumbukirani kuti bwalo la Indianapolis ndi lalikulu, makilomita anayi, simungalione lonse pampando umodzi, choncho likakugwetsani ulesi musaweruze msanga. Kayeseni bwalo laling'ono ngati Bristol kapena Martinsville. Ndipo musankhe dalaivala mmodzi woti muzimutsata, apo ayi mudzangoona mitundu ikudutsa.

Wanga ndi Ross Chastain. Kwawo ku Florida amalima mavwende, ndipo akapambana amakwera pagalimoto n'kuswa vwende pansi. Mu October 2022 ku Martinsville, pozungulira komaliza, anatsamiritsa galimoto kukhoma osaponda buleki, n'kudutsa magalimoto asanu mbali yonse ikuphwanyika. NASCAR inaletsa zimenezo chaka chotsatira. Bambo anga akanamukalipira kwambiri mnyamata ameneyu chifukwa choononga galimoto, kenako akanapempha kuti tibwezenso aonenso.